Nkhoswe ya Mapapaya

Lorenso Zuze anafika kuno kuchigwa ali ndi zipsera za chikoti kumsana ndi lilime losadziwa kupuma. Chinali chaka cha 1917, pamene Asena ankawoloka malire ngati nyerere zothawa madzi osefukira, kumbuyo kwawo Apwitikizi akutentha midzi ndi kumanga amuna m'zingwe. Anzake anabwera ndi akazi, mbuzi ndi mitondo pamutu. Iye anabwera yekha, atavala thumba la shuga loboola pakati, akutukwanabe asupayi, apolisi a Apwitikizi aja, ngakhale anali atawasiya kutali kuseri kwa mapiri.

Anali munthu wamfupi, wa chifuwa ngati mtondo. Anthu a kumtunda amakonda kunena kuti wa kuchigwa ndi waulesi chifukwa masana amagona pansi pa mtengo. Abwere adzagwire khasu pa dzuwa la ku Nsanje, tione ngati afika nalo pa nkhomaliro! Lorenso ankanyamula mabelo a thonje pa siteshoni m'mawa, masana n'kumapalasa bwato la eni ake, madzulo n'kumakangana ndi aliyense amene wamuyang'ana nthawi yaitali. Pa ntchito zonsezi, yokanganayo ndi imene ankaigwira mwaulere.

Padooko ndi pamene anakumana ndi Esinala, Mmang'anja wa m'mudzi wina wa kwa Malemia. Anali mkazi wamasiye. Mwamuna wake anatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali pa nkhondo ya Ajeremani osabwerako, ndipo kamwana kamene anamusiyira kanapita ndi fuluwenza. Esinala sankalankhula kawirikawiri, koma akatsegula pakamwa munthu ankapita kunyumba akudzifufuza pamene walasidwa. Tsiku loyamba Lorenso anadzitama kuti kwawo anagwetsa asupayi atatu ndi dzanja limodzi. Esinala anamuzungulira, kuyang'ana kumsana, n'kufunsa kuti, "Nanga izi anakulembani ali chigonere?" Lorenso anasowa yankho, chinthu chimene chinali chisanamuchitikirepo, ndipo pomwepo anadziwa kuti mkazi wake ndi ameneyu.

Anapita kwa a Geresomo, atsibweni a Esinala, mwinimbumba komanso mkulu wa mpingo, munthu woyenda ndi buku la nyimbo m'khwapa ngakhale popita kukavuula mono.

"Kwathu mkazi timalowola," anatero Lorenso. "Ndipatseni nyengo, ndipeze mbuzi ndi nsalu, ndimutenge."

"Mumutengere kuti, a Zuze? Kwanu kuli phulusa. Kuno mkazi sachoka. Mumange nyumba apo, kuseri kwa apongozi anu, muzilima, muzibereka. Ana ndi athu. Inu tangokubwerekani poyala mphasa."

Lorenso ananyamuka n'kukadula mitengo yomangira. Umo ndi m'mene Msena wa mutu wouma anasandukira mkamwini.

Tsono pachimang'anja mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana ndipo salankhulana. Mukakumana panjira wina amalowa patchire, kaya pali chitedze, kaya minga. Akuti ndi ulemu. Ulemu wake ndi wakuti apongozi amakuuza zonse za kukhosi kwawo kudzera pa nkhuku kapena pa mtondo, iwe n'kumamva uli chete ngati mlamba wowamba. Ndipo a Nachisale, amayi a Esinala, anali katswiri wa ulemu umenewu.

M'mudzimo khomo lililonse linali ndi mipapaya. Mtengo umenewu uli ndi khalidwe lake. Ukafesa njere za papaya limodzi, mitengo imamera yofanana ngati mapasa, ndipo sungadziwe kanthu mpaka itachita maluwa. Waukazi umatulutsa duwa lalikulu, lonenepa, lokakamira pa thunthu, ndipo likafota pamatsala kapapaya. Wamphongo umatulutsa timaluwa tambirimbiri tolendewera pa timitengo titalititali, tonunkhira madzulo mpaka kumtsinje, koma chipatso ngakhale chimodzi. Amayi a m'mudzimo anali ndi mankhwala ake a mtengo wotere: kuuchititsa manyazi. Ankaumangirira chitsononkho kapena phale, ena kuuveka kansalu kakutha m'chiuno ngati namwali, kuti mwina manyazi akaugwira usanduka waukazi.

Chaka choyamba cha ukwati chinatha, chachiwiri chinatsatira, Esinala osatenga pakati. Wolakwa sanachite kumufunafuna, popeza Esinala anali ataberekapo kale. Lorenso anatafuna gondolosi mpaka nsagwada kuwawa. Anamwa mizu ya sing'anga wa ku Chiromo yowawa ngati ndulu ya ng'ona. Anapemphera Chikatolika chimene anabwera nacho, anapempheranso cha a Geresomo, kuti mwina Mulungu amamva bwino Chimang'anja. Palibe chinasintha.

Pakati pa nyumba ya Lorenso ndi ya apongozi panali mpapaya wamphongo wautali. M'mawa uliwonse a Nachisale ankatuluka ndi tsache, n'kuima pansi pake, msana atalozetsa ku khomo la mkamwini.

"Mwadzuka bwanji, bambo a maluwa? Aa, mwatulutsanso ena! Onunkhiratu. Nanga mwana ali kuti? Madzi a mu Shire mukumwa, nthaka ya makolo anga mukudya, mthunzi wanu sukwanira ndi nkhuku yomwe. Ntchito yanu n'kugwetsa zinyalala kuti ine ndizisesa."

Lorenso ankamva zonse ali m'nyumba, akukukuta mano. Munthu amene anatukwanapo kapitao wa pa siteshoni mpaka kapitaoyo kupempha madzi, apa analibe chochita. Ungayankhe bwanji pamene akulankhula ndi mtengo?

Zinthu zinasweka m'chilimwe cha 1921. Mng'ono wake wa Esinala, wokwatiwa dzana lomweli, anatuluka m'chikuta ndi mwana wamwamuna. Tsiku limenelo Lorenso anali atachapa malaya ake okhawo, a kolala, ogula kwa Mmwenye wa pa boma, n'kuwayanika pa mpanda. Pobwera kudimba masana anapeza malaya aja atavekedwa mpapaya wamphongo, mabatani omanga mpaka m'khosi, kunsi kwake kansalu kakutha. Amayi obwera kudzaona mwana anali atagwa pansi ndi phwete.

"Mwavala bwino lero, bambo a maluwa," anatero a Nachisale akuwerama pamaso pa mtengowo. "Mwabwera kudzaona m'mene anzanu amachitira?"

Lorenso sanayankhe apongozi. Mwambo anausunga, munthu asamunamizire. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi chikwanje. Mpapaya si mtengo weniweni, m'kati ndi mphako yokhayokha. Anautema kamodzi, unagwa ndi malaya omwe. Kukoma kwake! Anayang'ana uku ndi uku, naona wina pakhomo loyandikana, chitsononkho chikulendewera. Naonso unagwa.

Apa ndi pamene nkhani inakula. Akamwini anzake, amuna akuluakulu amene anakhala akunyozedwa kudzera pa mitengo yomweyo, anatuluka ndi zikwanje zawo. Wina analoza wa apongozi ake, wina anakumbuka wa kuseri kwa khola. Atamaliza mudzi wawo analowa midzi yoyandikana, kumene akamwini a kumeneko anawalandira ndi zipanda za uchema, mowa wa migwalangwa. Dzuwa likupendeka anabwerera akuimba ngati akuchokera kogonjetsa asupayi onse a ku Tete. Mipapaya yaikazi sanaikhudze, koma wamphongo sunatsale ngakhale umodzi kuchokera kumtsinje mpaka m'tsinde mwa phiri. Chigwa chino chaona nkhondo zambiri, koma imene akamwini anapambana ndi yokhayi.

Kwa miyezi ingapo sikunaoneke choipa, chifukwa mapapaya amene anali atagwira kale anapitiriza kukula ndi kupsa. Lorenso ankayenda chifuwa patsogolo. Vuto linayamba ndi maluwa atsopano. Ankatseguka bwinobwino, n'kudikira, n'kufota, n'kugwa pamodzi ndi kapapaya kake kachikasu. Limene lakakamira linkangofika pa nkhonya ya mwana, ndipo ukaling'amba m'kati mulibe njere.

Ndiye mvula ya chaka chimenecho inakana. Mapira anapserera ali m'maondo. Pa njala, papaya laliwisi ndi limene limagoneka ana: kusenda, kuwiritsa, kamchere pang'ono. Tsopano amayi ankayang'ana m'mwamba n'kuona masamba okhaokha. Asilikali a nkhondo ija onse anaiwala kuti anagwirapo chikwanje. Wina anati tsiku limenelo anali ku Chiromo, wina anati anali chigonere ndi malungo. Anatsala ndi Lorenso yekha, popeza iye ngakhale kunama ankakuona ngati mantha.

A Geresomo anamuitana, buku la nyimbo lili pa bondo.

"A Zuze, mwana simunatipatse. Tinapirira. Tsopano mwatitsekera ndi mitengo yomwe. Kaya munaitemberera m'Chisena, kaya munaitani, ife sitidziwa."

"Nkhabe! Ayi! Ndinadula yaulesi yokhayokha. Yobala sindinaikhudze."

"Ndiye ifunseni chimene yakwiyira. Akulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Chimanga cha kudimba chikamadzakololedwa mitengo ili chomwechi, mupinde mphasa yanu."

Kutuluka m'mudzimo kunali kukagona pa khonde la siteshoni, kapena kubwerera kumene asupayi ankamudziwa dzina. Izo Lorenso akanapirira. Chimene sakanapirira chinali choti Esinala azikatungira madzi osamba mwamuna wina.

Anayesa zonse za mutu wake. Anathirira, anathira phulusa, anaima pansi pa mtengo umodzi n'kuulalatira mpaka agalu kuuwa. Esinala anamulekerera kaye kuti atope. Tsiku lina ali kudimba, Esinala akuthyola ndiwo m'maungu, anamuitana mwamuna wake.

"Bambo, taonani kuno. Duwa ili lili ndi kadzungu kunsi. Ili lina lili pa kamtengo kowonda, lopanda kanthu. Limeneli ndi chiluwe, timathyola n'kuphika. Silibala. Koma mtsikana akathyola onse, amayi ake amamuthamangitsa ndi mthiko."

"Chifukwa?"

"Njuchi imayamba kwa lopanda kanthuli, idzipake mungu, kenako ipite kwa linzakelo. Ikapanda kutero kadzungu kamagwa. Dzungu ndi lochenjera, limasunga mwamuna ndi mkazi pa tsinde limodzi. Mpapaya ndi Mmang'anja, mwamuna amachokera khomo lina."

Lorenso anakhala pansi pa mzere. Anakumbuka agulugufe akuluakulu a madzulo aja, a mlomo wautali ngati chingwe cha mbedza, amene ankazungulira timaluwa tonunkhira tija kenako n'kuulukira ku mitengo yaikazi. Ankabwerabe masiku onse, koma chonyamula panalibe.

"Ndiye apongozi ankadziwa?"

"Kudziwa kwenikweni kaya. Koma mtengo uja amayi akhala akuunyoza kuyambira ndili kumsana. Munawaonapo atautengera nkhwangwa? Kuno champhongo timachinyoza, bambo, sitichidula."

"Bwanji sunandiuze tsiku lomwelo?"

"Munkaimba."

M'mawa mwake Lorenso anayamba kusaka mpapaya wamphongo, ndipo apa anaona m'mene anagwirira bwino ntchito yake. Mudzi uliwonse umene walowa ankamuonetsa zitsa, ena n'kumuthokozanso. Anayenda motsata njanji cha ku Bangula mpaka mapazi kuchita matuza, ndipo anaupeza pa msasa wa anthu okonza njanji, uli ndi maluwa mpaka kuwerama. Mwini wake anali Ignasio, kapitao wa gululo, Msena mnzake, wamtali, wofatsa, amene ankamveka kuti ali ndi mwana pa siteshoni iliyonse kuchokera ku Chindio.

"Wayenda mtunda wonsewu kudzapempha maluwa, shamwali?" anafunsa Ignasio. "Mkazi wako amadya maluwa?"

"Ukafunsanso ndikugwetsa pamodzi ndi mtengo wakowo."

Ignasio anangoseka n'kumubwereka mpeni.

Kuyambira pamenepo anthu ankamuona Lorenso akutsika ndi njanji m'mawa dzuwa lisanapse, atafukata tsamba la nthochi lonyowa ngati wanyamula khanda. M'katimo munali timaluwa tamphongo. Akafika pa mtengo waukazi ankatsamiritsa makwerero, n'kukwera, n'kusadzula timasamba ta duwa lamphongo kuti patsale kamutu ka mungu, n'kukagunditsa pang'onopang'ono pakati pa duwa lalikazi limene latseguka kumene. Zala zonyamula mabelo a thonje zinkagwira ntchito ya gulugufe, mwini zala akutukwana chapansipansi.

Amayi sanachedwe kumupezera dzina.

"Odi kumeneko, a nkhoswe afika! Yalani mphasa!"

"Mkwati ali m'tsamba la nthochi, mayo ine! Mwamulangiza koma? Kuno ndi chikamwini, asakule mwendo!"

"A nkhoswe, wanga uyu ndi wamanyazi, muyambe mwamupatsa moni."

Akamwini anzake, ngwazi za nkhondo ija, ndi amene ankaseka mokweza kuposa onse, kuti apongozi awo awamve. Tsiku lina mtengo wakale unathyoka ali pamwamba, anagwera m'khola la abakha, koma tsamba la nthochi sanalitaye. Akafika pa mitengo ya a Nachisale, iwo ankabisala kuseri kwa nkhokwe monga mwa ulemu, n'kumafuula kuti, "Iwe mbuzi, uwauze anthu ena kuti duwa la kumanzere alidumpha!" Lorenso ankabwereranso pa makwerero. Amene akufuna kuseka aseke, koma atiuze ndani mwa osekawo akanayenda ulendo umenewo mobwerezabwereza, m'mimba muli madzi okhaokha, chifukwa cha mkazi.

Timapapaya tinagwira. Sitinagwe. Tinakula mothinana pa thunthu ngati ana a nkhumba pa bere, ndipo miphika inayambanso kuwira m'makomo. Loyamba kupsa ataling'amba, njere zakuda zinali tho. Lorenso anafesa njerezo paliponse, ndipo yamphongo imene inadzatuluka m'menemo palibe anaiyandikira ndi chikwanje, ngakhale zitsononkho zinabwereranso. Lamulungu lina Ignasio anafika m'mudzimo atavala chipewa, akuti wabwera kudzaona ana a mtengo wake. Anapereka moni mwaulemu, anamwa madzi amene Esinala anamupatsa, anapita.

Chimanga cha kudimba chitakololedwa, Lorenso anapita yekha kwa a Geresomo, osadikira kuitanidwa. Anawapeza akudya papaya lakupsa, madzi ake akutsikira m'zigongono.

"Za mitengo zatha, a Zuze. Mwagwira ntchito." Analavula njere. "Nanga za mwana wathu Esinala?"

"Munanena za mitengo!"

"Ndinayamba ndi za mwana. Inu munamva za mitengo chifukwa ndi zimene munkatha. Mbumba siikula ndi mapapaya." Anapukuta manja, nagwira buku lawo la nyimbo. "Ine ndine wa mpingo. Za fisi sindizidziwa, sindinazimvepo, ndipo munthu akazichita asadzandiuze. Koma mvula ikubwerayi ikadzatha Esinala ali chomwecho, ine sindidzathanso kuwaletsa alongo anga."

Fisi amene ankanena mosanena a Geresomo si wa kutchire. Ndi mwamuna amene banja losowa mwana limamuitana mwakachetechete, mwini nyumba atachokapo dala, ndipo mwana akabadwa amawerengedwa wa mwini nyumbayo. Aliyense amadziwa, palibe amanena. Ndipo ngakhale a Geresomo sankazidziwa zimenezi, mwana wawo Tomasi, msuweni wake wa Esinala, anayamba sabata yomweyo kudutsadutsa pakhomo pa Lorenso atadzola mafuta a nsatsi mpaka kunyezimira ngati mphika watsopano.

Lorenso anafika kunyumba akutentha ngati mbaula. Anamenya mtondo ndi mwendo, mtondo osasuntha, chala n'kuthyoka chikhadabo.

"Tithawe, Esinala. Lero lomwe."

"Tipite kuti? Manda a mwana wanga ali pano."

"Ndiye iwe ukuvomera zimenezi?"

Esinala anapitiriza kusola thonje limene linali m'lichero, osamuyang'ana.

"Mwana ndikumufuna, bambo. Osati chifukwa cha atsibweni. Kumsana kwanga kukuzizira. Inunso ndikukufunani, ndi phokoso lanu lomwelo. Akuti ndisankhepo chimodzi. Ine ndakana."

Lorenso anakhala pa mtondo uja, atagwira chala chake.

"Koma Tomasi ayi," anapitiriza Esinala. "Ameneyo adzatisekerera mpaka kumanda, ndipo amanunkha nsatsi. Ngati zafika apa, wosankha ndine, wokaitana ndinu."

"Ndani?"

"Wa chipewa uja. Ndi wa kwanu, mwana adzakhala ndi nkhope ya Chisena, anthu adzasowa pogwira. Salankhulalankhula. Ndipo munanena nokha kuti msasa wawo ukusamukira kumtunda mvula ikayamba."

Masiku angapo Lorenso sanadye, sanakangane ndi munthu, mpaka anthu anayamba kufunsana ngati wadwala. Kenako m'mawa wina anatsata njanji kupita ku msasa wa Ignasio, manja ali lendelende.

"Tsamba waiwala lero, shamwali?" anafunsa Ignasio.

"Lero sindinabwerere maluwa."

Anamukokera kuseri kwa mulu wa zitsulo. Munthu amene mawu ake ankamveka tsidya lina la Shire ananong'ona mpaka Ignasio kuchita kuwerama kuti amve. Ignasio atamva anavula chipewa.

"Mwini wake wavomera?"

"Wakusankha ndi iyeyo. Ine ndikanasankha wakhungu wopanda mano. Tamvera tsono. Ubwere osaimba mluzu, upite osacheuka. Ukadzandiona pamsika usadzandipatse moni. Ukadzafunsa za mwana ndidzakuthyola khosi."

"Pyadidi. Takhuta, shamwali."

"Usathokoze, galu iwe! Ukuthokoza chiyani?"

Sabata yotsatira Lorenso analengeza mokweza, kuti mudzi wonse umve, kuti akupita kudambo la Ndindi kukawamba nsomba ndi asodzi. Asodziwo amasimba kuti sanaonepo munthu wovuta ngati ameneyo. Anakangana ndi mwini bwato, anakangana ndi udzudzu, anatukwana mvuu imene inangotulutsa mphuno kuti ipume. Nsomba zake zonse anazipsereza. Atabwerera, msasa wa pa njanji unali utasamuka. Esinala anamuikira madzi osamba, anamupatsa chakudya, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso onse awiri mpaka kalekale.

Mwana anabadwa chimanga cha kudimba chikumasula. Anali wamkazi, wamtali miyendo. Lorenso anamutcha Imelda. A Geresomo anapemphera pemphero lalitali loyamika Mulungu amene amayankha mwa njira zake zobisika, ndipo amayi onse anati ameni osayang'anana. Kenako a Geresomo anatembenukira kwa Lorenso n'kunena kuti, "Mwanayu ndi wa mbumba yathu. Zikomo, a Zuze." Lorenso sanamubereke Imelda, ndipo mwa mwambo sanalinso wake. Koma ankamunyamula paliponse, kudimba, padooko, ngakhale ku mowa, atamumanga pachifuwa ndi nsalu ya amayi ake, amuna anzake akuseka chamseri.

Ku mowa komweko ndi kumene Tomasi, uchema utamupatsa nzeru, anayandikira, nasuzumira kamwanako.

"Miyendo yaitalitu iyi, a nkhoswe. Kodi mungu wa ameneyu munakautenga patali bwanji?"

Lorenso anamasula nsalu modekha, anapereka mwana kwa mayi wogulitsa mowa, namupempha kuti amutembenuzire kumbali. Kenako anamenya kamodzi. Dzino la Tomasi analitola m'chipanda cha munthu wina.

Mlandu unapita kwa mwinimbumba, ndipo a Geresomo anapezeka pakati pa moto ndi madzi otentha. Akati Tomasi wanena zoona, ndiye kuti mkulu wa mpingo ankadziwa za fisi, ndipo mdzukulu wa mlongo wawo ndi mwana wa patchire. Anatsegula buku la nyimbo, analitseka, anakanda m'mutu.

"Tomasi wanama," anatero pomaliza. "Wanyoza mwana wa mbumba, wanyozanso bambo ake, mkamwini wathu, amene tinamupatsa malo ndipo sachoka pano. Apepese pamaso pa anthu. Koma dzino ndi dzino, a Zuze. Mulipe nkhuku."

"Dzino limodzi, nkhuku imodzi?"

"Imodzi."

Lorenso anapita kunyumba, nabwerera atapanira nkhuku ziwiri m'khwapa. Anaziika pamapazi pa a Geresomo, n'kutembenukira ku gulu lonse, amuna ndi amayi omwe.

"Iyi ndi ya Tomasi. Inayi ndalipiriratu. Amene ali ndi funso lina la miyendo ya mwana wanga abwere, mlandu wake watha kale."

Anatenga Imelda kwa Esinala, namumanganso pachifuwa, nadutsa pakati pawo kupita kunyumba kwake. Nkhuku yachiwiriyo inaikira, inaswa anapiye, inakalamba pakhomo pa a Geresomo, koma m'mudzi monsemo simunapezeke munthu wofuna kuigula ndi dzino lake.